Kalabala ka Mjigo ndi Chuma cha Dziko

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za luso lopanga zinthu lobadwira m'maiko athu osaukawa, ndi mmene limafikira m'matumba mwa anthu. Nkhaniyi ndi yaikulu, koma ine ndiiyambira pa kanthu kakang'ono kokwana pachikhatho cha mwana.

Chilimwe chathachi ndinapita kumudzi kukazonda azakhali anga. Ndinafika dzuwa litapendeka, pakhomo ndinangopeza nkhuku. Patapita nthawi ndinawaona akutulukira kunjira ya kumtsinje, chidebe chili pamutu, thukuta lili kamukamu. Ndinadabwa, popeza mjigo uli pafupi, kungodumpha msewu basi. Nditawalandira chidebe ndinafunsa kuti, "Azakhali, nanga mjigowu bwanji?" Iwo anapukuta nkhope ndi chitenje n'kuti, "Bambo, umenewo unafa. Ino ndi sabata yachitatu. Ukapopa umangolira, madzi osatuluka."

M'mawa mwake kunabwera makaniki wa m'deralo, bambo wachikulire woyenda panjinga yakapalasa, kathumba ka zida atakamangirira pakaliyala. Ndinapita kukaonerera. Anamasula chivundikiro ndi sipanala imodzi yokha, kenako n'kuyamba kusolola ndodo zachitsulo imodziimodzi, amayi awiri a m'komiti ya mjigo akulandira n'kumazigoneka pamitengo kuti zisadetsedwe. Kumapeto kwa ndodo yotsiriza kunali kapulasitiki, ndipo pakapulasitikipo panali kalabala kozungulira ngati chibangili cha khanda. Kanali kataperepeseka mbali imodzi. Bamboyo anakachotsa ndi chala, n'kukandionetsa. "Achimwene, wapha mjigo wanu ndi ameneyu." Ndinafunsa mtengo wake. Anati sufika pamtengo wa nkhuku. Ndalama komiti inali nayo. Vuto linali lakuti kusitolo ya pamsika kumene amagula zimenezi, timalabalato tinatha kalekale, ndipo mwini sitolo ankangoti amene amawaoda m'tauni akudikira katundu wochokera kunja.

Tangowerengani zimene zinatayika m'masabata atatuwo. Mayi wina amene amakazinga mandasi mbandakucha ankayamba wapita kumtsinje, mandasi n'kufika pamsika ogula atamwa kale tiyi. Mnyamata amene anadzala mpiru ndi tomato kumunsi kwa ngalande ya mjigo anangoona masamba akufota. Atsikana ankachedwa kusukulu. Ana awiri anatsekula m'mimba, makolo awo n'kulipira kabaza wopita kuchipatala. Zonsezi palibe amene anazilemba m'buku, koma ndi ndalama ndithu, ndipo midzi ya mjigo wakufa ilipo yambiri.

Tsono chimene chinandizunguza mutu n'chakuti mjigo umenewu kwawo n'kuno. Ambiri timangoutchula kuti mjigo kapena dilawo, koma dzina lake ndi Afridev, ndipo unayambira ku Malawi mu 1981. Poyamba unkatchedwa Maldev, ndipo unayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kumene boma linkakumba zitsime zambiri nthawi imeneyo. Kale mijigo imene inalipo inali ya mapaipi olemera achitsulo. Ikawonongeka pansi, anthu a m'mudzi ankangogwira njakata, kudikira galimoto ya boma ibwere ndi amuna amphamvu ndi zida zokwezera mapaipiwo. Galimotoyo ikasowa mafuta, mudzi unkabwerera kuchithaphwi kwa miyezi. Akatswiri amene ankagwira ntchito kuno, a Malawi pamodzi ndi anzawo akunja, anayambira pa funso limodzi lakuti, kodi sitingapange mjigo woti mayi wa m'mudzi momwemo aukonze yekha?

Yankho lake ndi limene ndinaliona m'manja mwa makaniki uja. Paipi ya pulasitiki imakhala pansi osasunthidwa. Zimene zimatha msanga zimatuluka kudzera m'kati mwa paipi yomweyo mukasolola ndodo. Ndodozo zimangokolana ngati mbedza, sizifuna zida zomasulira. Sipanala imodzi, ndi kachida kena kovuulira valavu ya pansi, ntchito yatha. Mu 1983 ntchito yokonzanso kapangidwe kake inapitirira ku Kenya, ndipo pambuyo pake dzina linasintha kukhala Afridev. Pulani yake sinatsekeredwe kuti ikhale ya kampani imodzi, aliyense wokwanitsa atha kupanga. Lero mjigo umenewu, wokoka madzi mpaka pamamita 45 pansi, muupeza ku Mozambique, ku Ghana, ku Ethiopia, ngakhale ku Pakistan.

Koma mukafunsa kumene mijigo yambiri ya Afridev ndi timalabala take zimapangidwa masiku ano, akuuzani kuti ku India. Kumeneko n'kumene kuli mafakitale osungunula zitsulo, oumba pulasitiki ndi labala, amene anatenga pulani yaulere ija n'kuyamba kupanga mijigo miyandamiyanda pamtengo wotsika. Sindikuwadzudzula ayi, anachita zanzeru. Kungoti nzeru inabadwira ku Ntcheu, malipiro a opanga akulandiridwa kutsidya la nyanja, ndipo azakhali anga akudikira ndalama zakunja zipezeke kuti amwe madzi a pachitsime chawo chomwe. Tikamati luso lakwathu limakweza chuma, tizidziwa kuti kutulukira chinthu ndi khomo chabe. Ndalama zili m'kati mwa nyumba, kwa amene akupanga chachiwiri, cha 100, cha 10,000, kwa amene akugulitsa, ndi kwa amene akukonza chikafa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Muli ndi ife, tikukamba za luso lobadwira pakhomo. Tichoke pamjigo, tipite pamtondo.

Inu amayi amene munakula mukukonola mukudziwa kusiyana kwa chimanga cha makolo ndi haibulidi wakale uja. Cha makolo n'cholimba. Mukachithira mumtondo, kuwaza timadzi, munsi n'kuyamba kugwa, gaga amachoka yekha, mphale n'kutsala yathunthu. Haibulidi wakale anali wofewa. Munsi ukamugunda ankanyenyeka, ufa wambiri n'kupita ndi madeya polipeta. M'nkhokwe namonso anankafumbwe ankayambira iyeyo. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa alimi kudzala mbewu zimenezi chifukwa m'munda zimabereka kwambiri, ndipo alimi ankavomera ndi mutu, n'kudzala kamunda kochepa kogulitsa, munda waukulu n'kudzalamo cha makolo. Ena ankati alimi a ku Malawi ndi osamva, safuna kusintha. Chonsecho mayi wa pakhomo ankawerengera bwino kuposa iwo. Iye sankawerenga matumba otuluka m'munda, ankawerenga ufa woyera wotsala m'dengu, ndi miyezi imene chimanga chikhale m'nkhokwe chisanafumbwe.

Zinthu zinasintha pamene akatswiri a mbewu a ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, anaika mtondo patsogolo. Mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, lomwe likulu lake lili ku Mexico, anakwatitsa mbewu zobereka kwambiri ndi mbewu za maso olimba, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18. Zilembo ziwirizo zikuimira haibulidi wa Malawi. Chimanga chimenechi chinkabereka ngati haibulidi koma chinkakonoleka moyandikira cha makolo. Alimi omwe aja ankatchedwa osamva anayamba kuchifunafuna okha. Achikulire ambiri mpaka pano akamva dzina la MH18 amamwetulira.

Nkhani yake sinayende mosalala. Chilala cha 1992 chinagwa, ngongole za makalabu a alimi zinasokonekera, feteleza anakwera mtengo, ndipo kampani ya National Seed Company of Malawi imene inkachulukitsa mbewuyi inapita m'manja mwa makampani akunja. Komabe pali chimene ndikufuna mugwire. Katswiri wokhala kutali akanatha kupanga chimanga chobereka kuposa chimenechi, koma sakanaganiza za munsi, chifukwa kwawo chimanga amadyetsa ng'ombe kapena amachigaya ndi makina. Kudziwa kuti mphale ndi chiyani n'kumene kunapangitsa kuti mbewuyo ilowe m'minda. Ubwino waukulu wa luso lakwanu ndi umenewo, kuti wopangayo amadya nsima yomwe mumadya inu.

Ndikapatuka pang'ono, anzathu a ku Brazil anachita zofananazo pamlingo waukulu. Mu 1973 boma lawo linakhazikitsa bungwe lofufuza za ulimi lotchedwa Embrapa. Dera lalikulu la pakati pa dzikolo, la Cerrado, linkaonedwa ngati tchire losalimika chifukwa dothi lake n'lowawasa. Akatswiri awo anapeza kathiridwe ka laimu koyenera dothi limenelo, n'kupanga mbewu za soya zopirira kumalo otentha, pomwe soya ankadziwika ngati mbewu ya kumaiko ozizirirako. Lero Brazil ndiye amalima soya wambiri kuposa dziko lina lililonse. Zinatenga zaka zambiri boma likulipira ofufuza mosadumphitsa, ngakhale pamene zotsatira zinali zisanaoneke.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tiyeni ku Kenya, chifukwa nkhani ngati ino siingathe osatchula M-Pesa. Inu amene mumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dziwani kuti njira imeneyi inakulira kumeneko. Pesa m'Chiswahili ndi ndalama.

Anthu amakonda kunena kuti M-Pesa inapangidwa ndi Akenya. Ena amatsutsa, amati inapangidwa ndi Angerezi. Onse ali ndi mbali yawo. Ganizo loyamba linachokera kwa ogwira ntchito ku kampani ya Vodafone ya ku Britain, ndalama zoyesera zina zinachokera kuboma la Britain, ndipo pulogalamu ya pakompyuta inalembedwa komweko. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu anatero. Koma chimene alendowo anabwera nacho si chimene chinatchuka. Iwo ankafuna njira yoti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono azibwezera pafoni. Atayesa mu 2005 kudera la Thika mogwirizana ndi kampani ya Safaricom, anaona anthu akuchita zina. Wina ankatumizira m'bale wake ndalama. Wamalonda wina ankaika ndalama mufoni asanakwere basi, kuopa akuba m'njira, n'kukazitapa atafika. Ena ankazisunga momwemo usiku. Anthu wamba a ku Kenya ndi amene anaonetsa akatswiri ntchito yeniyeni ya chida chawo, ndipo akatswiriwo anali ndi makutu. Pofika mu Marichi 2007 pamene M-Pesa inakhazikitsidwa, uthenga wake unali umodzi wokha, wotumiza ndalama kumudzi.

Bwanji inagwira chonchi? Ku Kenya, monganso kuno, bambo amagwira ntchito m'tauni banja lili kumudzi. Kale ndalama ankapatsira kondakitala wa basi kapena mnansi wopita kwawo, ndipo tonse tikudziwa mmene envulopu imapepukira m'njira. Mabanki anali m'matauni, ndipo munthu wa ndalama zochepa ankaopa n'kulowamo komwe. Safaricom inali kale ndi anthu ogulitsa mayunitsi m'misika yonse, ndiye inawasandutsa maejenti. Banki yaikulu ya dzikolo nayo sinathamangire kuletsa chinthu chimene malamulo anali asanachidziwe, inalola kuti chiyende uku ikuyang'anira. Pamenepa pali phunziro kwa olemba malamulo athu, koma ndisalowerepo lero.

Zotsatira zake zinayezedwa. Akatswiri awiri a zachuma, Tavneet Suri ndi William Jack, anatsatira mabanja a ku Kenya kwa zaka zingapo, ndipo mu 2016 anasindikiza zimene anapeza. Anawerengera kuti M-Pesa inathandiza mabanja pafupifupi 194,000 kutuluka mu umphawi wadzaoneni, omwe ndi mabanja awiri pa 100 alionse m'dzikolo, ndipo amayi pafupifupi 185,000 anachoka pa ulimi wongopeza chakudya n'kuyamba malonda. Akatswiri ena amatsutsa kawerengedwe kameneka, ndipo n'zoona kuti foni yomweyo inabweretsanso ngongole zachangu ndi juga zimene zasaukitsa achinyamata ambiri. Koma mukayenda mu Nairobi lero, wogulitsa masamba, woyendetsa njinga yamoto, sukulu, chipatala, onse amalandira ndalama pafoni. Pamwamba pa M-Pesa panameranso mabizinesi ena. Kampani ya M-Kopa inayamba kugulitsa magetsi a sola pangongole, munthu n'kumalipira pang'onopang'ono pafoni, ndalama imene akanagulira palafini. Popanda njira yolipirira kandalama kochepa tsiku ndi tsiku, malonda amenewo sakanatheka.

Tsono mverani ichi. M-Pesa yomweyo anapita nayo ku South Africa mu 2010, ndipo mu 2016 anaitseka. Ku India nakonso sinakhalitse. Makina ndi omwewo, dzina ndi lomwelo, koma ku South Africa anthu ambiri anali kale ndi maakaunti kubanki, ndiye bala limene M-Pesa inkapoletsa ku Kenya kunalibe. Chinanso, Akenya sanakhutire ndi kungogwiritsa ntchito. Kwa zaka zambiri makompyuta osunga ndalamazo anali ku Germany, ndipo mu 2015 anawasamutsira ku Kenya. Mu 2020 Safaricom ndi kampani ya Vodacom anagula dzina la M-Pesa kwa Vodafone. Chimene chinadza ndi mlendo anachikokera m'nyumba pang'onopang'ono, ntchito za akatswiri a makompyuta n'kumatsalira kwawo. Ife ndi mjigo wathu tinayenda njira yobwerera.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Alimi a kudimba, gawo lino ndi lanu. Thiredo pampu mumaidziwa, ija yopalasa ndi miyendo. Kwawo ndi ku Bangladesh. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, injiniya wina wa ku Norway, Gunnar Barnes, pamodzi ndi anzake a ku Bangladesh, anapanga pampu ya timigolo tiwiri tachitsulo, zopondera zake za nsungwi, yoti mlimi wa kamunda kochepa aigule ndi ndalama ya zokolola za chaka chimodzi. Pampuyo inalipo, koma inkafala pang'onopang'ono. Bungwe la IDE litalowererapo, silinagawe mapampu aulere. Linaphunzitsa mashopu ang'onoang'ono owotcherera kuti azipanga, linapeza ogulitsa m'misika, linaphunzitsa amisiri okhoma mipope, mpaka linajambula filimu yoonetsa m'midzi kuti anthu aidziwe. Mapampu oposa 1 miliyoni anagulidwa, ndi ndalama za alimi eniake. Pampu iliyonse inkadyetsa mlimi, wowotcherera, wogulitsa ndi mmisiri, ndipo ikawonongeka wokonza anali mnansi.

Ku Kenya bungwe la KickStart linatengera nzeru imeneyi n'kupanga pampu ya MoneyMaker, yokankha madzi kukwera mtunda, popeza minda ya kumeneko si yathyathyathya ngati ya ku Bangladesh. Kuno kwathu mathiredo pampu ambiri anafika ogawidwa mwaulere. Ena anawagwiritsa ntchito bwino, madimba awo anabiriwira. Koma ndani sanaonepo thiredo pampu itatsamira kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikirapo? Munthu akalandira chaulere, wogulitsa wa pamsika sangaode katunduyo chifukwa palibe amugule. Wogulitsa akasowa, zida zosinthira zimasowanso. Mphatso ija imapha msika umene ukanasunga pampuyo yamoyo. Sindikunena kuti wosauka asathandizidwe, koma thandizo likadzera kwa wowotcherera ndi wogulitsa wa m'dera, limasiya mizu.

Chitetezo mbaula ndi chitsanzo cha thandizo lodzera njira imeneyo. Ndi dongo la kudambo, manja a amayi a m'gulu, chikombole, ndi uvuni wowotchera. Palibe chochokera kunja. Mbaulayo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, utsi umachepa, ndipo ndalama ya wogula imapita kwa mayi woumba, amene amagula nayo sopo ndi makope pagolosale ya m'mudzi momwemo. Boma linaika cholinga choti mbaula zotere zifike 2 miliyoni pomafika 2020. Sichida chodabwitsa, simungachionetse pachionetsero cha sayansi anthu n'kuwomba m'manja, koma kwacha yake imazungulira m'mudzi kangapo isanatuluke.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ndikudziwa ena mukuti, nanga William Kamkwamba wamusiya bwanji? Sindinamusiye. Mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa cha fizi, n'kumawerenga mabuku a kulaibulale, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotayidwa zina, ali ndi zaka 14. Dziko lonse linamudziwa, buku linalembedwa, filimu inajambulidwa mu 2019. Anatichotsa manyazi, ndipo anaonetsa ana athu kuti nzeru sizisankha denga la malata. Funso langa silipita kwa iye, lipita kwa ife. Chaka chilichonse timamva za mnyamata wapanga wailesi, wina wapanga magetsi pamtsinje, ophunzira a ku MUBAS kapena ku MUST apanga makina akutiakuti. Timajambula zithunzi, timawomba m'manja, nduna imagwirana nawo chanza. Chaka chamawa makina aja ali pakona ya labu atakutidwa ndi fumbi. Pakati pa chinthu choyamba ndi chinthu chogulitsidwa m'sitolo pali mtsinje waukulu, ndipo mlatho wake sitinamange.

Mlathowo ndi zinthu zosasangalatsa kukamba pawailesi. Ndi magetsi osathimathima, chifukwa wowotcherera wa ku Ndirande kapena ku Mchesi magetsi akazima amangokhala pabenchi tsiku lonse, anyamata ake akusewera bawo. Ndi ngongole ya chiwongoladzanja chopiririka, chifukwa fakitale siibweza ndalama pamiyezi itatu ngati geni ya kaunjika. Ndi chiphaso cha bungwe loona za miyezo, cha Malawi Bureau of Standards, chopezeka mosavuta kwa wopanga wamng'ono kuti katundu wake alowe m'masitolo aakulu. Ndi amisiri ophunzitsidwa bwino kudzera ku TEVETA, odziwa kupanga zinthu 100 zofanana ndendende, osati china chachikulu china chaching'ono. Pamenepa tisadzinamize, wogula amene wathawira katundu wakunja nthawi zina amakhala kuti anapsa kale ndi wakwathu. Ndipo koposa zonse ndi wogula wamkulu woyamba. Boma ndi mabungwe ndi amene amagula mijigo, madesiki, mabedi a m'zipatala. Akanena kuti gawo lina la zimenezi tizigula kwa opanga a kuno, malinga akwaniritse muyezo, wabizinesi angalimbe mtima kugula makina oumbira labala.

Maiko a mu Africa anagwirizana kale kuti aziika kwacha imodzi pa makwacha 100 alionse a chuma chawo pa kafukufuku. Ambiri sanafikepo. South Korea, imene zaka 60 zapitazo inali dziko losauka, imaika oposa anayi. Koma ndalama za kafukufuku pazokha sizikwanira, ngati zotuluka zake zikupangidwira kwina. Onani makina othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, otchedwa Pumani. Anakonzedwa mogwirizana pakati pa madokotala ndi anamwino a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a yunivesite ya Rice ya ku America, ndipo oyambirira ankagwiritsa ntchito timapampu totsika mtengo topopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta m'nyumba. Pakafukufuku wa ku Blantyre, makanda opulumuka anachoka pa 44 kufika pa 71 pa 100 alionse. Dzina ndi Lachichewa, nzeru za anamwino athu zilimo, ana athu ali moyo chifukwa cha makinawa, ndipo pano akugwira ntchito m'maiko ambiri. Chimenecho n'chuma kale, pakuti mwana wopulumuka ndi mlimi, mphunzitsi kapena makaniki wa mawa. Koma kampani imene inatenga ntchito yowapanga mochuluka ndi ya ku America. Nkhani ya mjigo ija yabweranso itavala malaya ena.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ndibwerere kwa azakhali anga, ndisawasiye kumtsinje. Makaniki uja sanafune kuchoka mjigo uli chigonere. Anatulutsa chidutswa cha tayala lakale m'kathumba kake, anakhala pamwala, n'kuyamba kusema ndi kampeni, akuyezera pa kalabala kakutha kaja. Anasema, n'kuyesa, n'kusemanso. Amayi a m'komiti ankamuseka, "Agogo, lero mutimwetsa matayala." Iye osayankha. Atabwezera ndodo zonse anauza mtsikana wina kuti apope. Kwa kanthawi mjigo unangolira monga kale, kenako tinamva kukhosomola m'paipi, madzi ofiirira n'kutuluka, kenako oyera. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Bamboyo anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Achimwene, musasangalale kwambiri. Kameneka kakhala sabata ziwiri, mwina zitatu. Labala wa tayala ndi wouma, amadya silinda. Mukafika m'tauni mutitumizire enieni." Ndinamufunsa ngati akuona kuti timalabala totere tingapangidwe kuno. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Nanga ku Nkhata Bay kuja sakulima mitengo ya labala? Chikombole chokha ndiye ndilibe."

Nditabwerera m'tauni ndinayenda masitolo atatu a hadiweya, yachinayi ndiye ndinapeza. Ndinagula timalabala tisanu, ndi tizida tina timene mwini sitolo anati timatha msanga, n'kupatsira mwana wa mlongo wanga amene ankapita kumudzi Loweruka. Ndisanamate envulopu ndinatembenuza kapaketi kuti ndione kumene kanachokera. Kanali ka ku India.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzacheza za okhoma zidebe ndi owotcherera a m'misika yathu, mmene amaphunzirira ntchito ndi kumene amapeza zitsulo. Pakadali pano, inu a m'komiti za mijigo, mukapita kukatunga mawa, tayang'anani kachitsulo kolembedwa kamene kali pamutu pa mjigo wanu, muwerenge dziko limene unapangidwa, ndipo mutilembere.

(NYIMBO YOTSEKERA IKWERE)